Zinyalala za Aneba

Nditafika ku Oshawa, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, kudzakhala kwa azakhali, ntchito yoyamba imene ndinadzipatsa inali yosesa. Palibe anandituma. Kwathu mwana amene akusungidwa pakhomo pa eni sadikira kuuzidwa, amangolawirira n'kugwira tsache. Tsache lenileni kunalibe, koma m'galaja munali chokokolera masamba chapulasitiki, ndipo ndinachizolowera msanga.

Kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa mpanda, kunali chitsamba cha maluwa otchedwa haidiranjiya. Azakhali ankati nyumbayo anaigula chifukwa cha chitsambacho, ngakhale ankolo, amuna awo, ankati anaigula chifukwa siteshoni ya sitima ili pafupi. Chaka chimene analowa m'nyumbamo chinali ndi maluwa abuluu, aakulu ngati mutu wa khanda. Chithunzi chake chinali mufoni ya azakhali, ndipo mlendo aliyense ankachiona, afune asafune. Koma kuyambira pamenepo chitsambacho chinkangochita masamba okhaokha.

"Kuzizira kwa kuno ndi ufiti," ankatero azakhali.

Mwezi wa Okutobala mitengo inayamba kuyoyola masamba. Ndinkasesa m'mawa, pobwera kukoleji n'kupeza agweranso. Chitsamba chija nachonso chinayoyoka, n'kutsala timitengo touma ngati mapesi m'munda wokolola kale. Ndinachita zimene aliyense wakwathu akanachita, zimenenso azakhali ankachita ine ndisanabwere: ndinadula tonse mpaka pansi, n'kusesa bwinobwino.

"Mwana wa achimweneyu analeredwa," anatero azakhali. "Taonani pakhomo pano, mukhoza kudyera pansi. Osati uko."

Uko kunali kwa aneba athu, bambo wachikulire amene anapuma ntchito kufakitale ya magalimoto. Iwo masamba ankawaunjika m'tsinde mwa maluwa, zitsamba zina n'kuzikulunga m'ziguduli. Azakhali ankawamvera chisoni. Ankati ndi mmene pamakhalira pakhomo popanda mayi.

Nyengo yotentha itabwera, chitsamba chathu chinaphuka masamba okongola, duwa ayi. Nthawi yomweyo msuweni wanga, mwana wamkazi wa azakhali, anabweretsa mnyamata pakhomo, ndipo akuluakulu anagwirizana kuti chinkhoswe chidzachitike chaka chotsatira mu Ogasiti, kuseri kwa nyumba komweko. Azakhali anaitanitsa nsalu kuchokera ku Lilongwe, ya maluwa abuluu, yoti amayi onse adzavale. Anauzanso amayi a kutchalitchi kuti mwana wawo adzajambulitsa kutsogolo kwa haidiranjiya. Atalengeza kale zonsezi ndi pamene anandiitana.

"Iwe wakulira kumunda, dzanja lako ndi la mbewu. Uchite zoti chitsambachi chichite maluwa."

"Chabwino, azakhali," ndinayankha. Mawu ena oyankhira munthu wamkulu sindinkawadziwa.

Ndinathira feteleza monga timachitira ndi chimanga, kukumba kadzenje n'kuthira ndi chitsekero cha botolo. Masamba ndiye anachita kunenepa.

Masamba atayoyokanso, ndinatenga sizasi yodulira mitengo kuti ndikonze pamalopo. Ndisanadule n'kamodzi komwe, ndinamva kukuwa. Anali aneba aja, atagwira mpanda ndi manja onse awiri. Chingerezi ndinaphunzira kusukulu ya kwathu, koma chawo chinali chothamanga ngati njinga yopanda mabuleki. Ndinkangogwedeza mutu, sizasi ili m'manja. Mwamwayi msuweni wanga anatulukira. Iyeyo anabadwira konkuno, Chichewa chake n'chotsimphina, koma tsiku limenelo anadzipereka kutanthauzira.

"Suwe, akuti ukupha ana."

"Ana ake ati?"

"Ana a maluwa. Ali m'ndodomo. Akuti chaka chilichonse amakuonerani pawindo, mtima n'kumawawa."

Bambowo analowa pageti, n'kugwira kamtengo kamodzi. Anandionetsa timaso ting'onoting'ono m'mbali mwake ndi kunsonga. Pang'onopang'ono ndinamva nkhani yake. Mtundu uwu wa haidiranjiya umakonzeratu maluwa a chaka chamawa m'timaso ta mitengo ya chaka chino. Ukadula mitengoyo, wadula maluwa. Ukaisiya pamtetete, mphepo ya mu Januwale imapha timasoto. Masamba amene ife tinkawayesa zinyalala ndiwo bulangete lake.

Vuto linali lakuti masamba athu ndinali nditasesa onse, galimoto ya zinyalala n'kuwatenga. Koma mumsewu wathu, pageti lililonse panali matumba apepala odzaza masamba, kudikira galimoto yomweyo.

"Ungotenga," anatero msuweni wanga. "Ataya kale."

Sindikanatha. Kwathu ngakhale ndowe za ng'ombe za eni umayamba wapempha. Choncho ndinakonza chiganizo changa, n'kuchiyeserera kubafa, kenako ndinayamba kugogoda m'makomo, chipewa chili m'manja. Pakhomo loyamba mawu anandithawa, ndinangoloza matumbawo. Mayi wa pakhomopo anaganiza kuti ndikufuna ganyu. Atamvetsa kuti ndikupempha zinyalala zawo, anaseka mpaka kugwira chitseko, n'kundipatsa matumba onse ndi mabisiketi pamwamba. Msuweni wanga ankanditsatira patali, akujambula pafoni.

Aneba aja anandipatsa waya wa khola la nkhuku ndi ziguduli zakale. Ndinazika mitengo mozungulira chitsambacho, n'kukulungiza waya, n'kuthira masamba mosapanikiza mpaka timitengo tonse tinabisika. Manja anga anangokumbukira okha mamangidwe a nkhokwe, ndipo chinatulukadi ngati nkhokwe.

"Chimanga chake tidzakolola liti?" anafunsa ankolo.

Azakhali sanaseke. Mulu wa zinyalala za anthu ena pakhomo pawo unkawachititsa manyazi. Amayi a kutchalitchi akabwera, ankatseka katani la kukhitchini. Mmodzi atasuzumira n'kufunsa, anangoti, "Ndi za sayansi zimenezo, za mwanayu."

Chaka chimenecho kunazizira koopsa. Chipale chofewa chinakwirira nkhokwe yanga mpaka m'chiuno. Aneba anati ndisachichotse, nachonso chimafunditsa. Tsiku lina mphepo inang'amba chiguduli chapamwamba, ndipo chingwe nditachisowa ndinamangira ndi tayi yakale imene ankolo anandipatsa. M'mawa uliwonse ndisanathamangire basi ndinkayang'ana pawindo ngati tayiyo ikadalipo.

Mu Epulo kunabwera masiku ofunda, anthu n'kuyamba kuyenda opanda majekete. Azakhali anati tivundukule. Ndinakafunsa aneba, iwo anapukusa mutu. Ndinabwerera n'kunena kuti mawa, mawa lake n'kunenanso kuti mawa. Sabata isanathe chisanu chinabwereranso, udzu n'kuyera mbuu. Tinavundukula mu Meyi, pang'onopang'ono.

Zimene tinapeza mkatimo sizinali zosangalatsa. Timitengo totuwa, tina topindika, tokhala ngati nkhuni zoyatsira moto. Loweruka lina azakhali anabwera kuchokera kuntchito kwawo kosamalira okalamba, atatopa. Anaima n'kuyang'ana, kenako analowa m'galaja n'kutuluka ndi sizasi ija.

"Zauma izi. Tidule, mwina ziphukira zatsopano."

Chibadwire ndinali ndisanakanizepo munthu wamkulu chilichonse. Koma ndinadziwa kuti akadula, chinkhoswe chidzakhala cha masamba, ndipo amene adzachite manyazi pamaso pa amayi aja ndi iwo omwe. Ndinapita n'kukanjuta pakati pa iwo ndi chitsambacho.

"Azakhali, pepani. Musadule."

"Ukundiletsa pakhomo panga?"

"Ayi, ndikungopempha."

Ndinakanda khungwa la kamtengo kamodzi ndi chikhadabo, monga timayesera mbewu ya chinangwa tisanabzale. Mkati munali mobiriwira, monyowa. Azakhali anawerama n'kuyang'anitsitsa.

"Mami, suwe wayankhula!" anakuwa msuweni wanga pawindo. "Wayankhula chiganizo chonse!"

Azakhali anayesa kukwiya koma zinawakanika. Anandiponyera sizasiyo pamiyendo.

"Zikapanda kuchita maluwa, pachithunzipo udzaimapo ndiwe. Tidzakuveka nsalu ija kumutu."

Timaso tija tinatupa, n'kutulutsa masamba. Nsonga zina zinalidi zitafa, ndipo ndinadula zokhazo. Chakumapeto kwa Juni ndinaona timagulu tobiriwira kunsonga za nthambi, ngati timitu ta kolifulawa. Sindinauze munthu, ndinkaopa kuti mwina ndi maso anga. Anazitulukira okha azakhali akuyanika zovala, ndipo nthungululu imene anaimba inatulutsa aneba m'nyumba.

Maluwawo anakula, n'kuyamba kusintha mtundu. Sanakhale abuluu. Anakhala apinki, pinki weniweni wosabisika. Aneba anafotokoza kuti mwini nyumba wakale ankathira mankhwala ena m'dothi kuti akhale abuluu, koma dothi la kuno palokha limabereka pinki. Anati anaiwala kutiuza.

Azakhali anatenga nsalu ija n'kuiyandikiza pa duwa limodzi. Anayang'ana nsaluyo, n'kuyang'ana duwalo, n'kuyang'ananso nsaluyo.

"Komatu zikugwirizana," anatero pomaliza.

Tsiku la chinkhoswe amayi anavala buluu wawo, msuweni wanga n'kuima pakati, maluwa apinki ali kumbuyo. Ndinamva azakhali akuuza mayi amene anasuzumira pawindo uja kuti anachita kukonza dala, chifukwa buluu pa buluu sizikanaoneka. Aneba athu anaitanidwa, anakhala kutsogolo, ndipo ankolo anawaphunzitsa kufupa. Ine ndinkanyamula mipando ndi mbale, koma nthawi yojambula azakhali anandikoka dzanja n'kundiimika kumapeto kwa mzere, pafupi ndi chitsambacho.

Okutobala wotsatira ankolo anatenga chokokolera chija kuti athandize kusesa. Azakhali anatsegula windo la kukhitchini.

"Bambo, masamba a mwanayo musawakhudze!"

Kugogoda m'makomo sindinapitenso. Mayi wa mabisiketi uja anauza anzake, ndipo matumba anayamba kufika okha pageti pathu, ochuluka kuposa amene nkhokwe yanga ingalandire. Otsalawo ndimawapititsa kwa aneba pawilibala.