Magalasi Anga ndi Mvula ya ku Minga

Kanali kamphila kakuda, kodulidwa ku chubu chakale cha njinga, kotalika kuchokela kuchala mpaka pachigongono. Kankanunkha ngati tayala limene lakhalitsa padzuwa, ndipo ndikakavula kankasiya mzele kumbuyo kwa mutu wanga, tsitsi litagona ngati udzu pamene padutsa njoka. Amalume ndiwo anakadula ndi lumo, n'kukamangilila kumiyendo iwili ya magalasi anga. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwili, ndili giledi sikisi pasukulu ya kwathu, kufupi ndi Minga.

Magalasiwo ndinali nditangowalandila kumene. Aphunzitsi athu a sayansi, amenenso ankayang'anila masewela, anali ochokela kumpoto, ndipo Chinyanja chawo chinkatuluka chitasakanikilana ndi Chibemba. Iwo ndiwo anazindikila kuti sindinkakopela za pabolodi, ndinkakopela za m'kope la mnzanga, ndi zolakwa zake zomwe. Atabwela anthu oyeza maso kuchipatala cha mishoni, aphunzitsi anandilembela kakalata, amai n'kundipelekeza. Tsiku limene ndinawavala, ndinabwelela kunyumba ndikukweza miyendo ngati nkhuku yoyenda m'mame, chifukwa nthaka inkaoneka ngati yandiyandikila. Ndinaona kuti mtengo wa mango uli ndi masamba, lililonse palokhapalokha. Kale zimenezi ndinkazidziwa ndi manja okha.

Amai anaika lamulo tsiku lomwelo. Magalasi ndi a m'kalasi ndi kutchalitchi basi. Kumunda ayi, kokatunga madzi ayi, kumasewela ndiye ngakhale kuganizako. Ndikaweluka ankalowa m'chitini chakale cha tiyi, atakulungidwa m'kansalu. "Akasweka, oyeza maso aja sadzabwelela weo wekha," ankatelo. Kunyumba amai ankanditchula weo, monga timanenela m'Chinsenga. Lelo ndimaona kuti sankalakwa. Koma nthawi imeneyo lamulolo linkandipweteka, chifukwa ndinkakonda kuthamanga kuposa china chilichonse.

Temu yoyamba ya sukulu imagwela m'kati mwenimweni mwa dzinja, chimanga chikumasula ngayaye. Ndi nthawi yomweyonso imene sukulu za m'dela lathu zinkapikisana pa liwilo la mtunda wautali, lodutsa m'minda ndi m'dambo. Aphunzitsi analengeza kuti atsikana atatu oyamba adzakwela lole kupita kuboma ku Petauke. Ine boma ndinali ndisanalionepo. Ndinkangomva kuti kuli nyumba zogundizana ndi masitolo oti munthu n'kusochelamo.

Tsiku loyamba lokonzekela ndinamvela amai, magalasi ndinawasiya m'chikwama cha mabuku. Njila za kwathu mapazi anga ankazidziwa okha, koma imene anasankha aphunzitsi inali yachilendo. Kunkawaza kamvula. Ndinaganiza zongotsatila malaya oyela a mtsikana amene anali patsogolo panga. Ndinawatsatila ndithu, mpaka malayawo anapatuka kulowa m'tchile, n'kuima, n'kulila kuti moo. Anali mwana wa ng'ombe. Pobwelela ndinagwela m'ngalande, ndipo ndinafika pasukulu anzanga atapuma kale. Aphunzitsi anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi. "Mailo ubwele nawo maso ako," anatelo.

Mawa lake ndinabwela nawo, ndipo mavuto anangosintha mtundu. Thukuta likayamba, magalasi ankatsetseleka pamphuno, ine n'kumathamanga dzanja limodzi lili kumaso. Ndiye chifukwa chake ndinapita kwa amalume, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo, pamene msewu wa ku Minga umapatukila kuchoka kumsewu waukulu. Ankadziwa lamulo la amai. Anadula kamphila kaja akuyang'ana kumbali. "Mlongo wanga ndimamudziwa. Ine sindinaone kanthu."

Kamphila kanathetsa kutsetseleka, koma mvula inabwela ndi zake ziwili. Kunja kwa galasi kunkakhala madontho. M'kati munkachita nkhungu, yoyamba m'munsi pafupi ndi masaya, n'kumakwela mpaka dziko lonse litayela. Madonthowo ankandisokoneza m'njila inanso. Tsiku lina ndinazindikila kuti m'kadontho kalikonse muli munda wachimanga wozondoka, ngayaye pansi, mizu kumwamba, kakang'ono kwambili koma kathunthu. Ndinaima pakati pa njila ndikupendeketsa mutu uku ndi uku kuti ndione ngati nanenso ndingaonekemo. Aphunzitsi anatulukila panjinga kumbuyo kwanga akukuwa m'chinenelo chawo, "Butuka, iwe!" Sindinafunikile womasulila, ndinangoyambanso kuthamanga.

Nkhungu ndi imene inandivuta kumvetsa. Inkachokela kuti, popeza mvula inali kunja? Nditawafunsa aphunzitsi, anauzila mpweya pagalasi la wotchi yawo, manambala onse n'kubisika. Anati thupi langa likamathamanga limatentha n'kumatulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo ikakhudza galasi lozizila imasanduka timadzi. Ndinafunsa chochita. Anakanda kumutu. "Kayese. Ukapeza, udzandiuze." Panopa ndimakhulupilila kuti nawonso sankadziwa. Komabe pa zonse zimene anandiphunzitsa, mawu amenewo ndi amene ndinatsala nawo.

Choncho masana alionse poweluka ndinkapatukila pamtengo pa amalume. Iwo ali mnyamata anayendako ndi malole a nthochi a ku Nyimba, ndipo anati madilaiva chopukutila galasi lakutsogolo chikawafela ankapakapo mbatata yaiwisi. Tinayesa. Itauma, ndinkaona ngati ndikusuzumila m'thumba la ufa. Tinayesa kandulo: madontho ankagubuduka bwino, koma chilichonse chowala chinkamela michila. Malovu ankagwila ntchito kuchokela pamtengo kufika pachigayo, kenako basi. Mafuta ophikila anali nzelu zanga ndekha, ndipo ndinatsuka katatu osachoka. Madzulo ake amai ananunkhiza chitini chija n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Amalume anatulukila njila yoyesela popanda kudikila mitambo. Anaboola chitini china ndi msomali, n'kumatunga madzi m'beseni limene ankafufuzilamo pobooka chubu. Ine ndinkathamanga pamalo amodzi, iwo ataimilila pampando akundithila mvula yawo. Anthu odikila njinga zawo ankaseka mpaka kugwila nthiti, ena n'kumapeleka malangizo. Agogo ena anati ndipake ndulu ya mbuzi. Mwamwayi panalibe amene anapha mbuzi sabata imeneyo.

Yankho linapezeka pa kachidutswa ka sopo wochapila kamene amalume ankasambila m'manja. Ndinakapaka pang'ono kali kouma, mbali zonse ziwili, n'kupukuta ndi nsalu youma mpaka galasi litayela mbee. Ndinauzilapo mpweya, nkhungu osabwela. Ndinauzilanso mwamphamvu, osabwela. Za madontho amalume anavula kapusi yawo, imene anapatsidwa ndi ogula thonje, n'kundiveka. Mlomo wake wakutsogolo unali ngati khonde la maso. Inali yaikulu, moti tinaipinda kumbuyo n'kuibaya ndi waya.

Tsiku la mpikisano amai ananena kuti abwela kudzagulitsa chimanga chophika. Asanapite kukathyola chimangacho kumunda, anandiuza kuti popeza lelo kulibe kuphunzila, magalasi atsale. Ndinavomela. Atatuluka, ndinakulunga chitsononkho m'kansalu kaja n'kuchiika m'chitini. Sindinyadila zimenezi. Ndikungonena zimene ndinachita.

Tinanyamuka atsikana ambili, tonse opanda nsapato, kumwamba kutada bii chakumbali ya ku Nyimba. Mvula inatipeza titangolowa m'minda. Inayamba ndi fungo la fumbi lonyowa, kenako inagwa yeniyeni, ikuwomba masamba a chimanga ngati anthu ambili akuwomba m'manja. Ndipo ine ndinkaona! Madzi ankatsika kumlomo kwa kapusi osakhudza galasi, nkhungu kunalibe. Ndinkaona mizu yopingasa njila, ndinkaona poteleka, ndinkaona anzanga akupukuta kumaso pamene ine ndikungodutsa. Pofika kudambo ndinali wachitatu, ndipo wachiwili ndinkamva kupuma kwake.

Anali mtsikana wamtali wa sukulu ina. Ndinamuyandikila kwambili, chimene sindikanayenela kuchita. Chidendene chake chinatapa matope ofiila n'kundimwaza nawo kumaso, phwa! Ndinapukuta ndi chala. Matope ndi sopo zinasakanikilana, zonse n'kukhala phala. Ndinayesa malaya, koma anali onyowa ndi amatope. Kutsogolo ndinkamva mtsinje ukulila, ndipo ndinkadziwa kuti ulalo wake ndi mitengo iwili yokha yogonekedwa. Kuwoloka osaona sindikanatha. Kuvula magalasi kunali chimodzimodzi.

Ndinaima. Sindikudziwa chimene chinandiuza kutelo, koma ndinavula kapusi n'kuloza nkhope kumwamba. Mvula inamenya magalasi, matope n'kumatsika m'masaya mpaka kulowa m'kamwa, akukoma dothi ndi sopo. Ndinamva mapazi akundidutsa, munthu mmodzi, kenako wina. Nditaweletsa mutu ndinadabwa. Galasi lonse linali litakutidwa ndi madzi osalala, opanda dontho ndi limodzi lomwe, ndipo ndinkaona bwino ndithu, ngati poyang'ana pansi pa chitsime choyela. Masabata onse aja ndinkalimbana ndi kuletsa madzi, osadziwa kuti akachuluka amasiya kusokoneza.

Ndinawoloka kapusi ili m'manja. Potsetseleka pa tsidya linalo ndinagwa chafufumimba, mwendo umodzi wa magalasi n'kupindika, koma sanachoke kumutu. Ndinadzuka, ndinapitilila mmodzi mwa awili aja, winayo ndinamuthamangitsa mpaka pabwalo la sukulu. Anandisiya ndi mapazi ochepa. Ndinakhala wachinayi, ndipo lole inali ya atatu.

Aphunzitsi anabwela ndi kope lawo atalifunditsa pulasitiki. Ndinkaganiza kuti andidzudzula chifukwa choima. M'malo mwake anafunsa, "Wapeza chiyani?" Ndinawafotokozela ndikupuma mwabefu, za sopo, za kapusi, za madzi osalala. Anamvetsela mpaka kumapeto, mvula ikuwanyowetsa, n'kugwedeza mutu ngati ndawauza nkhani yofunika.

Kenako ndinawaona amai. Anali atabisala pakhonde la kalasi ndi dengu lawo, akuyang'ana mbali yomwe ndinali. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikudikila kuti akuwe. Sanakuwe. Nkhope yawo inali phee, ndipo ndinati mumtima mwanga mkwiyo wa lelo ndi waukulu, akuusungila kunyumba. Ndinafika pafupi moti akanatha kundigwila, ndipo m'pamene nkhope yawo inasintha.

"Kansi ni weo? Nanga ivi wavala?"

Anawachotsa okha kumutu kwanga. Anafunafuna nsonga youma ya chitenje chawo, n'kupukuta galasi lililonse mosamala, milomo ili yomangika. Anaona mwendo wopindika uja, anauwongola pang'ono ndi chala. Ndiye anayamba kufufuza ngati pali mng'alu. Anawakweza kumwamba, anawatembenuza, anawayandikiza kumaso, n'kuwayandikizanso, mpaka anangowavala.

Anayang'ana tsidya lina la bwalo, kumene anthu anaunjikana pansi pa mitengo. Anayang'ana mbendela yonyowa itakakamila pamtengo wake. Anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana kumapili. Munthu wina anabwela kudzagula chimanga, anaitana kawili, n'kuchoka osayankhidwa.

"Uja waima apo na njinga ni malume wako?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinati ndi iwowo.

Anayang'ananso kunja kwa khonde, kumene madzi ankagwa. "Kansi mvula imagwa mizelemizele chonchi?"

Ine ndinaseka. Ankaoneka ngati anamwino a kuchipatala, magalasi atapendekeka pamphuno, duku litanyowa. Kuseka kwangako kunawadzidzimutsa. Anawavula msangamsanga, anandiveka, n'kunyamula dengu lawo. "Tiye kunyumba, ungadwale." Za chitsononkho sanazitchule tsiku limenelo, kapena tsiku lina lililonse.

Ndinawatsatila m'mbuyo, ndikuponda m'mapazi mwawo m'matope. Mumtima mwanga munali zinthu ziwili zokha: kukondwa kuti ndapulumuka mkwapulo, ndi chisoni cha lole imene idzapite popanda ine. Sindinadzifunse kuti munthu amene walima m'mvula zaka zonse za moyo wake angafunse bwanji mwana za maonekedwe ake. Sindinadzifunsenso chifukwa chake anawavula mofulumila chotelo, ngati munthu amene walawa chakudya chokoma akudziwa kuti ndi cha mwana wake.