Mmene Manda a Bambo a Tijani Anakwerera Phiri

Zinayamba m'chaka cha 1969, nyengo yothyola zipatso za kanjedza. A Tijani anali ku Tunis akuphunzira masamu pamene bambo awo anamwalira, pa 21 Seputembala. Kwathu maliro sagonera, choncho anaikidwa mwana wawo kulibe. Sabata isanathe, mtsinje wathu wouma uja unadzaza, n'kukokolola miyala yonse ya kumanda akale, n'kusiya matope osalala ngati bwalo la mpira. A Tijani atafika anasowa poima kuti apemphere.

Anabadwa okha, ndipo sanakwatire. Chimene ankafuna chinali chimodzi: tsiku lawo likadzakwana, adzagone pambali pa bambo awo.

Ine ndinkaphunzitsa mbiri yakale pasukulu imene iwo anadzaphunzitsa masamu, ndiye bolodi yawo ndinkaiona. Ankati kuti manda apezeke pakufunika manambala awiri basi: mapazi angati kuchokera pakhoma la mzikiti, ndi mapazi angati kuchokera pachitsime. Mboni ziwiri zikanakwana. Koma amene ananyamula malirowo anabwera khumi ndi mmodzi, aliyense ndi pake poyambira kuwerenga, aliyense akulumbira. Mboni iliyonse a Tijani ankaisandutsa mzere wa samu. Mizere inachuluka kuposa manambala awiri osadziwikawo, ndipo padziko lonse panalibe malo amene mizere yonse ikanavomereza.

"Ndiye wina akunama," ndinatero.

"Ayi, mayi Zohra. Aliyense waphonya pang'ono. Kuphonya kwa munthu aliyense ndikuchulukitsa ndi iko komwe, ndiphatikiza zonse, n'kufuna malo amene chiwerengerocho chachepetsetsa."

"Ndiye ndani akhale wolondola?"

"Palibe. Koma palibenso amene anyozeke kwambiri."

Pa 6 Febuluwale 1970 samu inatha. Bambo awo anapezeka m'khola la mbuzi za a Belgacem, kunja kwa manda akalewo. Lachisanu lililonse a Tijani ankalowa m'kholamo atavala jekete, n'kutambasula manja kupemphera. A Belgacem ankagwira tonde.

Kenako kunabwera nkhalamba ina imene inali ku Libiya, nayo ndi mapazi ake. A Tijani anawonjezera mzere, ndipo bambo awo anasamukira pakhomo pa nyumba yowotchera buledi. Tauni inkakula, manda atsopano anatsegulidwa paphiri, anthu n'kumanga pamatope paja. Mboni ikangotulukira, malemuwo ankasuntha.

Amene anayamba kuona phindu anali Lazhar, mwini tiyirumu. Chaka chilichonse a Tijani ankachita sadaka pamalo pamene samu yaloza, ndipo anthu akadya kusikusi, chakudya chathu cha tirigu, amafuna tiyi. Lazhar anatumiza amalume ake kuti akanene nambala yaikulu zedi. Bodza lalikulu likachulukitsidwa ndi ilo lomwe limakoka mwamphamvu kuposa zoona khumi. Pa 3 Meyi 1981 bambo a Tijani analowa m'tiyirumu, pansi pa tebulo la pazenera.

"Aphunzitsi, amalume a Lazhar aja sawerenga n'komwe mpaka makumi atatu," anatero a Belgacem, amene anali atazolowera mlendo m'khola. "Fufutani mzere umenewo."

"Ndikafufuta wawo, mawa ndifufuta wanu. Mbuzi zanu zili bwanji?"

"Zikukufunsani."

Lazhar ankapukuta tebulolo kawiri patsiku, ndipo sankalola osewera makadi kutukwana pamenepo. "Pali akuluakulu pansipa, agalu inu," ankatero.

Pofika 2007 mboni zinali zitakwana makumi anayi, zambiri zitamwalira, koma mizere yawo ikadali moyo. Malemuwo anali atatuluka m'tiyirumu n'kukaima pakati pa msewu watala, pamene maminibasi amakhotera. A Tijani, atapuma kale pantchito, ankapemphera madalaivala akuwaimbira hutala. Atadwala mtima, anapita ku khonsolo kukapempha malo oti adzaikidwe pambali pa bambo awo. A kumeneko anawapatsa mpando ndi madzi, n'kuwauza mwaulemu kuti mumsewu saikamo munthu.

A Tijani anagona pabedi, n'kuyamba kukana chakudya. Bolodi anali ataiimika pafupi ndi pilo.

Lazhar, amene tsopano anali ndi imvi, ndiye ankadziwa kakokedwe ka malemu. Pa 9 Januwale 2008 anayamba kubweretsa anthu amene anangokumbukira mwadzidzidzi kuti bambo a Tijani anaikidwa chakumtunda, kutali ndithu, kupitirira phiri. Kunabwera wometa, wogulitsa nsomba, ngakhale amayi, pomwe kwathu amayi sitipita kukaika maliro. A Tijani ankalemba osafunsa kanthu. Ankadzuka, n'kudya msuzi pang'ono, n'kuwerengera. Mlungu ndi mlungu bambo awo ankakwera msewu: anadutsa pa positi ofesi, anagona masiku angapo pamalo othirira mafuta, n'kufika m'munsi mwa phiri.

Tsiku lina ndinapeza a Tijani atatopa, choko chili m'manja, Lazhar ataima pakhomo ngati mwana wodikira malikisi.

"Bwanji, aphunzitsi? Alowa?"

"Atsamira mpanda wa manda, chakunja. Iwe Lazhar, zaka zonsezi sunaphunzirebe kunama mokwanira? Patsala mapazi anayi. Kapezenso wina."

Lazhar anathamanga, n'kubwerako ndi mkamwini wake, Hamadi. Hamadi anaika dzanja pamtima, n'kunena kuti tsiku la malirolo iye ananyamula nawo chakumutu, ndipo anakwera mpaka miyendo inawawa. Hamadi ameneyu anabadwa pa 17 Juni 1972. Ndinalipo pobadwa pake, ndine ndinawiritsa madzi. A Tijani anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kudenga.

Anawerengera mpaka dzuwa kupendeka. Kenako anaika kadontho pamapu a khonsolo, m'kati mwa manda atsopano, pafupi ndi mtengo wa maolivi. Anauza Lazhar kuti akakhome chikhomo pamenepo, ndipo iwo adzaikidwe phazi limodzi chakumanja kwake. Anauzanso mlongo wa a Belgacem, amene ankasamalira aphunzitsiwo, kuti atseke chitseko, pasalowenso mboni.

Anatisiya Lachisanu, pa 14 Malichi 2008.