Nthanga za Anjuchi

Anthu ankawatchula kuti Anjuchi, poti ntchito yawo inali ya njuchi. M'shedi ya pulasitiki ya kampani yopanga mbewu, momwe tizilombo sitilowa, iwo ndiwo ankatapa mungu pa duwa lalimuna la dzungu ndi kaburashi n'kukaupaka pa lalikazi. Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, ndipo amuna awo atamwalira, ana anakulira kaburashi komweko.

Chaka china kunatentha koopsa. Maungu anabereka ndithu, koma atawang'amba, nthanga zake zinali zopyapyala ngati zikhadabo. Ukazifinya, mphepo yokhayokha.

"Mayi, dzanja lanu lakalamba," anatero kapitawo. "Mzere wotsalawu ukalephera, ndiika wina."

Chakudya sichinalowe tsiku limenelo. Anjuchi anamanga nthanga pakansalu, ulendo kwa alamu awo, mphunzitsi wa sayansi. Alamuwo anadula nthanga imodzi ndi lezala, n'kuiyang'ana kwa nthawi.

"Kanjere kamodzi ka mungu kamanyamula mbewu ziwiri zachimuna, alamu," anatero. "Imodzi imakumana ndi dzira n'kupanga kamwana ka dzungu. Inayo imapanga chakudya choti kamwanako kakulire. Zimafunika zonse ziwiri. Chakudya chikalephera, kamwana kamafota."

"Ndiye walakwa ndani, dzanja langa kapena dzuwa?"

"Ndikati ndikudziwa, ndikunamizani."

Anjuchi anabwerera ali ndi mantha oposa amene anapita nawo. Anayamba kulawirira mungu usanaume. Ananyowetsa masaka n'kuwapachika m'shedi monse kuti muzizizira, akusenza zidebe mpaka msana unakana kuwongoka. Duwa lililonse ankalipaka kawiri, dzanja lina litagwirizira linzake.

"Gwira, mwanawe, chonde gwira," ankalinong'oneza duwa. "Ine ndipita kuti?"

Anzawo, amene kale ankawaseka kuti tsiku lina adzamera mapiko, anayamba kumawatungirako madzi.

Tsiku long'amba maungu, Anjuchi anapisa dzanja m'dzungu loyamba. Nthanga zonenepa! Anakhala pansi. Koma lachiwiri linali lopanda kanthu, lotsatira chimodzimodzi.

Kapitawo sanakalipe. Anangoti kuyambira mawa azikachapa masaka kuseri kwa shedi, masana okha.

Anjuchi sanawauzebe ana awo. M'mawa uliwonse amasamba, kumanga duku, n'kutuluka nthawi yakale ija. Amakakhala pa benchi ya pa siteji ya basi, manja ali pamiyendo, kudikira kuti masana akwane.