Mtsuko umene ndinabisa pansi pa kama

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambo ali kunkhondo, pamene malungo othyola mafupa analowa m'komboni mwathu ku Fort Jameson. Munthu ankagona akulira msana ndi maso, ngati amupondaponda ndi musi. Amayi anayamba kudwala, ndipo ntchito ya madzi inagwera ine.

Chitsime chinali kutali, kutsika phiri. Ndiye mvula ikagwa ndinkatchera mtsuko pansi pa denga, madzi oyera mbee. Koma m'masiku omwewo kunkayenda kapitawo wa zaumoyo ndi anthu ake, akugubuduza mitsuko, kuboola zitini ndi kuthira mafuta m'zithaphwi. Ati udzudzu umaswana m'madzi ogona. Ine ndinaona ngati chipongwe. Madzi ndavutikira ine, wina adzangotaya?

Ndinakankhira mtsukowo pansi pa kama wa amayi, pamene ankagona ndi mlongo wanga Esitere, wa zaka zinayi. Ndinauphimba ndi chiguduli chobooka. Kawiri konse kapitawo ndi anthu ake anadutsa osauona, ine n'kumaseka.

Amayi atangoyamba kudzuka, Esitere anagwa. Thupi linatentha ngati phale, patatha masiku atatu m'kamwa munayamba kutuluka magazi. Ndinkamupukuta ndi nsanza yonyowa, n'kumamulonjeza mango, nzimbe, chilichonse. Iye ankangoti, "Achimwene, miyendo."

Mmawa wa tsiku limenelo kapitawo analowa mpaka m'nyumba, nasuzumira pansi pa kama. Atangogwira mtsuko ndinamulumphira n'kumuluma padzanja.

"Siyani! Amwa chiyani mwanayu? Kwanu kulibe odwala?"

"Yohane, ndi akulu amenewo!" anakuwa amayi.

Ndinkadikira khofi. Koma kapitawoyo anandigwira pakhosi, natulutsa ine ndi mtsuko padzuwa, nandiweramitsa.

"Ona, iwe galu woluma. Tsegula maso."

M'madzi anga oyera aja munali timphutsi tosawerengeka, tikupindika, tikukwera ndi kutsika. Pakamwa pa mtsuko panauluka udzudzu wa miyendo yamawangamawanga.

"Ameneyu amaluma masana," anatero. "Aluma wodwala, aluma wamoyo. Wakhala ukuweta ziweto pansi pa mlongo wako."

Kenaka anandisiya, namanga dzanja lake ndi mpango. "Kwathu ndaika mwana sabata yatha. Mberekeni uyu, mupite kuchipatala tsopano lino."

Ndinamubereka ine, chifukwa amayi analibe mphamvu. Ndinathamanga, mutu wake ukugunda paphewa langa, ndikupemphera mapemphero onse amene ndinaphunzira kusukulu ya mishoni, ena ndikuwasokoneza. Tinafika. Anamugoneka, anamupatsa madzi ndi supuni. Lachinayi masana anatisiya.

Amayi sananenepo kuti ndine. Adokotala anati udzudzu unali ponseponse, palibe angadziwe umene unamuluma. Ine mawu amenewo sandigonetsa tulo.

Mtima wapachala ndikadali nawo. Ndiwo unanditulutsa sukulu ndili Sitandade 3, nditabweza mbama kwa aphunzitsi. Koma ndikudziwa tsopano kuti tsiku lija ndinaluma munthu yekhayo amene anabwera kudzateteza Esitere, ndipo mdani ndinali nditamufunditsa chiguduli.

Loweruka lililonse ndimazungulira nyumba za anansi, kugubuduza mbiya ndi zigoba. Amayi ena amandituka: "Iwe Yohane, madzi anga!" Magazi amawira ndithu. Ndimangoluma mlomo, n'kunyamula ndowa kukawatungira ena.