Amayi Anadulidwa

Amayi anga anali osambitsa mitembo. Kumalaini a kampani ya tiyi kumene ndinakulira, pakagwa zovuta anthu ankayamba kugogoda pakhomo pathu asanapite n'kwa abusa komwe. Amayi ankasiya dengu la tiyi, n'kuvala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, n'kunyamula beseni. Akatha kusambitsa ankayambitsanso nyimbo. Chichewa chawo chinali chopendekera ku Chilomwe, poti anachita kuthawa nkhondo kuchokera kutsidya kwa malire a Muloza, ndipo ife ana tinkawaseka nacho. Koma akakweza mawu pamanda, ngakhale amuna ouma mtima ankayang'ana pansi.

Tinalibe kanthu. Ndikadandaula za nsapato ankandiyankha kuti, "Chuma chathu chili kumwamba, mwanangu." Ine ndinkang'ung'udza chamumtima kuti bwenzi atatsitsako pang'ono.

Ntchito imeneyi ankaigwira ndi mayi wina wa khomo loyandikana ndi lathu. Ankatchulana achemwali, ankapalana moto, ankapatsana mchere. Ine ndinkawatcha amayi aang'ono ngakhale panalibe ubale.

Chaka china amalume anamwalira ku Milange. Iwo sankapemphera, choncho nthawi yometa itakwana abale anafulula mowa monga mwa mwambo wawo. Amayi anapita, anathandiza kutunga madzi ndi kusonkhezera moto. Sanalawe n'dontho lomwe. Atabwerako mtima sunawakhale pansi, ndiye anaululira munthu mmodzi yekha, achemwali awo aja, kuti apemphere nawo. Anagwadadi limodzi m'nyumba mwathu, ine ndikuona. Sabata isanathe, nkhani inali itafika kwa akulu a mpingo, ndipo amayi anadulidwa.

Munthu wodulidwa sadya mgonero, savala yunifolomu, ndipo akamwalira mpingo sumuyimbira. Ine ndinapsa mtima, ndinadzuka kuti ndikawalalatire a khomo linalo. Amayi anandigwira mkono.

"Khala pansi iwe. Sanandidule ayi, angondidulira. Sunaone mmene amachitira ndi tiyi? Amasiya zitsa zokhazokha, mvula ikagwa n'kuphuka. Nanenso ndiphuka."

Anakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi yakumbuyo, kudikira tsiku lowabwezera. Mitembo sanasiye kusambitsa, poti zimenezo mpingo sunawaletse, komanso panalibe wina wozifuna. Kungoti ankasambitsa atavala chitenje wamba, n'kukhala chete ena akuyimba. Bulauzi ankaisitabe, n'kuipinda, n'kuibwezera m'sutikesi.

Akulu a mpingo anati adikire mgonero wotsatira. Chisanu cha Chiperoni chinabwera ndi chibayo, ndipo chibayocho chinafika msanga kuposa mgonerowo.

M'mawa wa tsiku limene amayi anatisiya ndinapita kwa amayi aang'ono aja, omwe pa nthawiyo anali atakhala mtsogoleri wa amayi a mpingo. Ndinagwada pakhonde pawo.

"Amayi, ndapota nanu. Muwayimbire achemwali anu."

"Mwanangu, lamulo ndi lamulo. Ine ndingatani?"

"Nanga bulauzi yawo, tiwaveke?"

Anapukusa mutu. "Usadandaule. Nyimbo si kanthu. Chuma chawo chili kumwamba."

Anali mawu a amayi anga omwe, akutuluka m'kamwa mwa munthu amene anawapereka. Zinandiwawa kuposa imfayo.

Mtembo anasambitsa ndi azakhali a ku Milange, mmodzi wa abale ofulula mowa aja, amene anachita kubwera pa kabaza. Amayi a mpingo anabwera ndithu, ambirimbiri, atavala zitenje zawo, n'kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinkawayang'ana mmodzimmodzi. Uyu amayi anamusambitsira mwamuna, uyu mwana, uyo apongozi. Palibe anandiyang'ana m'maso. Ulendo wa kumanda tinayenda tili duu. Sindinkadziwa kuti dothi limamveka choncho likamagwera pa bokosi, poti maliro onse amene ndinapitako mawu a amayi ankaliphimba.

Ndinatha zaka osaponda ku tchalitchi. Chimene chinandibweza sindichidziwa bwinobwino. Mwina ndi beseni lija, chifukwa anthu sanasiye kugogoda pakhomo pathu, ndipo munthu woferedwa sungamubweze. Lero wosambitsa ndine, woyambitsa nyimbo ndine. Bulauzi imene ndimavala ndi yomwe ija, ndinangoichepetsa m'mbali.

Mwezi wathawu tinapita ndi amayi anzanga a mpingo kukachezera odwala ku Chinakanaka. Kumeneko n'kumene amayi aang'ono aja akusungidwa ndi mwana wawo. Akalamba zedi, maso sakuonanso. Titatha kuyimba anandiitana pafupi, n'kumasisita mkono wa bulauzi yanga osadziwa mwini wake.

"Tsiku langa likadzafika udzayambitse ndiwe, mwanangu. Mawu akowa ndi a achemwali enieni. Ine ndimaopa maliro a zii."

Ndinadikira kuti mwina anena chinanso. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira mawu amodzi okha, akuti pepa. Anangondigwirabe mkono.

Ndinafuna kuwauza kuti asadandaule, nyimbo si kanthu. Mawuwo anafika mpaka pamlomo, ndipo ndikanawanena bwenzi atandikomera.

"Ndamva, amayi," ndinatero. "Ndidzayambitsa."