Fani Yoyenda ya Amayi

Ndikukumbukira kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'nyumba yathu ya ku Kabwata, pamene malata ankalira okha masana ndipo sopo ankafewa pawindo. Tinkakhala awiri, ine ndi Ambuya, agogo anga. Amayi atamwalira, achibale anagawana katundu wa m'nyumba yathu ya ku Chelstone, ndipo ine ndinatsala ndi chinthu chimene aliyense anachikana: fani ya patebulo yobiriwira, imene phiko lake limodzi linathyoka pa lole posamuka.

Ambuya sankataya chinthu. Analumikiza phikolo ndi guluu wakuda wouma ngati mwala, ndipo poopa kuti lingathyokenso, anamatapo chibuma chonse. Kuyambira tsiku limenelo fani inayamba kuyenda. Ukaiyatsa inkanjenjemera, masipuni m'kabati n'kumalira, kenako inkasendera pang'onopang'ono patebulo mpaka kufika kumapeto kumene ine ndinkakhala polemba za kusukulu. Sindinauze munthu, koma mumtima ndinkati ndi amayi akubwera kudzaona ngati ndikulemba bwino.

Lachinayi lina azimayi a kumpingo anabwera kudzacheza, ndipo mmodzi wa iwo, Amake Dalitso, anaiona ikusendera. Anasiya tiyi pakati.

"Ambuya, chinthu cha womwalira chiziyenda chokha, kulondola mwana? Tayani!"

Ambuya sankatengeka ndi zoterezi, koma nkhani ikakhudza ine, mantha ankawagwira msanga. Ananena kuti Loweruka fani ipita kudzala. Ine sindinalire, chifukwa sindinali mwana wolira. Ndinangosiya kudya.

Loweruka m'mawa Ambuya anatuluka ataikumbatira, chingwe chikukwekwereka pansi, ine ndili pambuyo. Pageti tinakumana ndi Ba Tembo, aneba athu, amene ankagwira ntchito yokonza mamota a magetsi ku Heavy Industrial Area. Zovala zawo zinkanunkha waya wopserera ngakhale zitachapidwa.

"Shani, Ambuya!" anapereka moni. "Muipeleka kuti iyi?"

"Kudzala. Iyenda yokha."

"Nanga ine siniyenda nekha? Simunanitayeko. Bweletsani tione."

Anakhala pakhonde, n'kuchotsa chitsulo chotchinga mapiko. Pamenepo pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati ikazimitsidwa, phiko la guluu ndi limene limaima pansi nthawi zonse. Ambuya anandiyang'ana modabwa, pakuti masiku amenewo mawu anga ankathera pa inde ndi ayi.

Ba Tembo anazunguza mapiko ndi chala, n'kuwaleka. Phiko la guluu linaima pansi. Anazunguzanso, linabwerera pomwepo.

"Ambuya, mukanyamula ndowa dzanja limodzi, mumayenda bwanji?"

"Mopendekeka."

"Basi, ndiye matenda ake. Mbali imodzi yalema. Uyu mzimu mwamata ndinu."

Ambuya anaseka mpaka kugwira chipupa. Ba Tembo anati kuntchito kwawo mamota aakulu amachita chimodzimodzi: mbali ina ya chitsulo chozungulira m'kati ikalemera, makina amagwedeza simenti, mabawuti amamasuka, ndipo potsiriza mota imapsa. Mankhwala ake ndi kuchotsako kolemera kapena kuwonjezera tizitsulo kopepuka.

Anapala guluu ndi fayilo, fumbi lakuda likugwera pa maondo awo. Kenako anatulutsa m'thumba timawashala, tizitsulo tobooka pakati, n'kumatimata pa mapiko awiri enawo. Ine anandipatsa choko kuti ndizilemba phiko limene laima pansi. Tinkazunguza, kudikira, kulemba, iwo n'kusuntha kachitsulo pang'ono. Dzuwa linatipeza pakhonde, thukuta likutsika m'khosi, mpaka mapiko anayamba kuima pena paliponse, osasankha.

Tinalowa m'nyumba. Ba Tembo anaika kapu ya madzi pafupi ndi fani, n'kuyatsa. Madzi anangoti bata. Masipuni anakhala chete. Mphepo yokha ndi imene inkamveka, ikutukula kalendala pakhoma.

Fani inapulumuka, ndipo ndinadya bwino masana amenewo. Koma nditakhala kumapeto kwanga kwa tebulo ndi buku, ndinapezeka ndikudikira. Inaima pomwe anaisiya, kutali, ikupukusa mutu uku ndi uku ngati mlendo. Ambuya ankasoka pampando, ndipo ndinkaganiza kuti sakundiona. Anadzuka, anainyamula, n'kuikhazika pafupi ndi chigongono changa.

"Yatopa kuyenda," anatero. "Izikhala pompano."

Masiku ano mafani apulasitiki ali mbwee m'masitolo a m'tauni, ndipo ikayamba kunjenjemera anthu amangotaya n'kugula ina. Sindidziwa ngati alipo amene angathere m'mawa wonse pakhonde chifukwa cha fani ya mwana wa eni. Ambuya ndi Ba Tembo anapita kale. Fani yobiriwira ili m'nyumba mwanga ku Avondale, timawashala take tidakali pomwepo, tadzimbiri. Siinayendenso. Mwana wanga akakhala patebulo kulemba za kusukulu, ndine amene ndimainyamula kukaiika pambali pake.