Mkulu Amene Sanawerengedwe

Ntchito yanga yoyamba ku America anandipezera Anti Nabanda, mayi wa kutchalitchi kwathu ku South Bend, amene ndinkagona pa sofa pawo chifikireni. Tsiku lina titaweruka ku mapemphero anandikokera pambali nati, "Tadala, ku Indianapolis akuhayara anthu oimba mafoni. Apulaya lero lomwe, sofa yanga yatopa nawe." Ndinaseka, koma ndinaapulaya. Mwana wanga Yankho ndinali nditamusiya ku Ndirande kwa mayi anga ali ndi zaka zitatu, ndipo kuti ndimutenge pankafunika umboni woti ndili pa ntchito yokhazikika. Kampaniyo inkakhazikitsa munthu akamaliza bwino miyezi ya mayeso. Ndinapeza kachipinda cha ku Lafayette Road, n'kuyamba kukwera basi m'mawa uliwonse.

Kampaniyo inkafufuza maganizo a anthu. Nthawi imeneyo yunivesite ina inaipatsa ntchito yofunsa anthu a ku Britain okhala ku America kuno mmene ankamvera za dziko lawo, lomwe linali litavota kuti lituluke mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya. Bwana wathu, mayi wina wamtali dzina lake Brenda, anati Chingerezi changa anthu amenewo azichimva bwino. Ndinaseka chamumtima kuti Chingerezi cha ku pulayimale ya ku Ndirande nachonso chapeza msika.

Aliyense anali ndi kampanda kake, mpando, hedifoni ndi kompyuta. Kompyutayo inkaimba yokha manambala a anthu amene anavomera kale kufunsidwa. Munthu akayankha, funso linkatuluka pa sikirini, iwe n'kuliwerenga mmene lalembedwera, osachotsa kapena kuwonjezera liwu, kenako n'kudina yankho. Munthu akayamba nkhani zake, unkadikira apume n'kubwereza funsolo. Mawu ako ololedwa anali "zikomo" basi. Brenda ankatha kulowa pa foni ya aliyense n'kumamvetsera, ndipo akalowa unkamva kaphokoso kakang'ono m'khutu. "Usavomereze, usatsutse, usamvere munthu chisoni," anatero tsiku loyamba. "Akamva kuti uli mbali yake, ayankha zokukondweretsa, ndipo mayankhowo ndi otayika."

Lamulolo linali ndi nzeru, sindikukana. Koma ine ndinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula uziti "eya, zoona", ndipo munthu akangopunthwa uzimuuza pepani ngakhale mwala suli wako. Pakamwa panga pankayankha pokha. Chenjezo loyamba ndinalandira chifukwa cha "eya", lachiwiri chifukwa chopepesa mayi wina amene anati galu wake akudwala. Lachitatu likanabwera, kukanakhala kunyamula chikwama n'kumapita. Nditawaimbira Anti Nabanda kudandaula, anati, "Kwa eni kulibe mkuwe, mwanawe. Akamakumvetsera pa foni, iweyo uzingoluma lilime. Uziganiza za Yankho."

Ndinaluma lilime, ndipo zomwe ndinkamva zinali zolemera. Ena ankakalipa kuti dziko lawo linadzaza ndi alendo, kuiwala kuti iwonso ndi alendo kuno, ndiponso kuti akuuza mlendo. Mayi wina anandifunsa kwathu, nditakana kunena anati, "Usadandaule, anthu ngati inu si vuto, vuto ndi enawo." Ndinati zikomo. Ena ankati akuchita manyazi kutchula dziko lawo. Ena anali atasiya kudyera limodzi Khirisimasi ndi abale awo. Ambiri anali otopa chabe, ngati anthu amene akangana mpaka kuiwala chiyambi cha mkangano. Ndinkaweruka mutu uli gwa, mkwiyo wa eni uli pamtima panga.

Tsiku lovutalo linafika kutatsala sabata kuti mayeso anga athe. Kunja kunali chipale chofewa chomwe chinali chitada ndi matayala a magalimoto. Masana, kompyuta inandipatsa bambo wina wachikulire wa mawu ofatsa, amene ankakhala kwa mwana wake wamkazi ku Ohio. Mafunso oyamba anayankha bwinobwino. Anavota kuti dziko lituluke, anatero, nthawi imeneyo ali kwawo. Kenako ndinawerenga funso loti akaganizira za kutulukako panopa amamva bwanji: wokondwa kwambiri, wokondwa, pakatikati, wokhumudwa, kapena wokhumudwa kwambiri.

Pomwepo ndinamva kaphokoso kaja m'khutu. Brenda anali atalowa.

Mkulu uja anayamba kufotokoza pang'onopang'ono. Mwana wake wamwamuna anakwatira mkazi wa ku Poland, limodzi mwa mayiko a mu mgwirizano uja. Voti itatha, mpongoziyo anamva kuti apongozi ake anavotera mbali iti, ndipo anati ndiye kuti samufuna m'dzikomo. Banjalo linasamukira ku Poland, mwana n'kusiya kuyankha mafoni a bambo ake. "Ine sindinkanena za iye," anatero mkuluyo. "Ndinkanena za nsomba zathu ndi malamulo athu." Ndinadikira kuti apume, chala chili pa batani.

"Mwana wangayo wamwalira mwezi wathawu," anatero. "Anandiuza atamuika kale."

Anayamba kulira, kulira kwa munthu wamwamuna amene sanazolowere, kongomveka mpweya. Ndinkadziwa choyenera kuchita. Ndinkayenera kunena zikomo n'kuwerenganso mayankho asanu aja. Funsolo linali pa sikirini likundiyang'ana, nkhope ya Yankho nayonso ndinkaiona. Koma kwathu munthu akakuuza za maliro sudutsa. Ngakhale uli pa njinga umatsika. Uyu anali kholo lomwe silinaponye dothi m'manda a mwana wake, ndipo ine ndimufunse ngati ali pakatikati?

Ndinati, "Pepani, bambo. Pepani kwambiri." Kenako ndinangokhala naye chete ngati mmene timakhalira pa siwa, osanena kanthu, osachoka. Analira mpaka anatopa. Atamina anati, "Zikomo mwanawe. Aliyense amandiuza kuti ndinadzichitira ndekha." Kenako iye mwini anandipempha kuti ndibwereze funso lija. Ndinabwereza, iye anati, "Lemba kuti wokhumudwa kwambiri. Ulembe, akazimve." Ndinadina, tinamaliza mafunso onse.

Nditangovula hedifoni, Brenda anali kumbuyo kwanga. Mu ofesi mwake sanakalipe, maso ake nawonso anali ofiira. "Ndamva zonse, Tadala," anatero. "Koma wamupepesa asanayankhe. Sitingadziwe ngati yankholo ndi lake kapena lako. Ndafufuta zonse." Anandipempha kuti ndisiye khadi yolowera pakhomo. Ndinakwera basi dzuwa likadalipo, ndili ndi mkwiyo, osadziwa womukwiyira.

Ndinabwerera pa sofa ya Anti Nabanda. Sananditukwane. Anangoti, "Walakwitsa, mwanawe, koma bwera udye." Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndiphunzire ntchito yosamalira okalamba ndi kukhazikika pa nyumba ina yosungira okalamba ku South Bend konkuno. Yankho anachedwa kubwera ndi chaka chathunthu ndi miyezi. Tsiku lomwe ndinakamutenga, anabisala kumbuyo kwa chitenje cha agogo ake n'kufunsa kuti anti awa ndi ndani. Zimenezo zimandiwawabe, ndipo amene amanena kuti ndinachita bwino sanamve funso limenelo.

Zomwe ndinatenga pa ntchito ija ndi izi: pali ntchito yomvetsera anthu imene imafuna kuti womvetserayo asakhale munthu, ndipo ine sindiitha. Ndinaphunzira kufunsa zimenezi ndisanavomere ntchito iliyonse. Kumene ndili pano, nkhalamba ikalira ndimakoka mpando, palibe amene amandichenjeza.

Nthawi zina pa wailesi amanena kuti kafukufuku wapeza anthu akutiakuti a ku Britain amene akunong'oneza bondo ndi voti ija. Ndikamva zimenezo ndimatsitsa wailesi, chifukwa ndimadziwa kuti pa chiwerengerocho pakusowa munthu mmodzi. Anandiuza kuti ndilembe akazimve, ndipo ndinalemba. Anamufufuta chifukwa ndinamuuza pepani.